Khoswe pa Tebulo la a Meya

Lolemba, 6 Novembala

Athol wafika. Pikapu yake waimika pansi pa bulugamu wa pageti, pomwe ndinamuuza pafoni kuti asaimikepo chifukwa mbalame zimachitirapo chimbudzi. Akuti pali mthunzi. Chabwino, adzitsukira yekha.

Mlongo wangayu imvi zadzaza mutu, koma kwa ine ndi yemwe uja ndinkamupukuta mamina. Bondo anamuchita opaleshoni mwezi watha, adokotala amuletsa masitepe, ndipo nyumba yake mumzinda muja ndi yapamwamba. Komanso chimwalirireni mkazi wake Joyce, amangodya nsomba za m'chitini ali chiimire. Ndinati bwera kuno udzadye ngati munthu.

Malamulo ndamuuza pakhomo pomwe. Nsapato panja. Wailesi yako ya mipikisano ya mahatchi kuchipinda kwako. Nkhuku zanga usazipatse malangizo.

Wati, "Achemwali, ngakhale moni?"

Ndati moni akubwera pambuyo pa malamulo.

Masikono wadya ngati wachokera kundende. Ndakondwa, koma sindinamuuze.

Lachiwiri, 7 Novembala

M'mawa msampha wa kukhola la nkhuku unagwira mbewa. Ndainyamula kumchira monga mwa masiku onse, ndakaika pamwamba pa mzati wa pageti. Athol (ndizingolemba A.) ali pakhonde ndi kapu yake, maso tuzu.

"Mukutani pamenepo?"

"Ndikuyala tebulo."

Ndisanabwerere n'komwe, a Meya atera. Kukabara wanga, mbalame yolira ngati munthu akuseka, wa mlomo wogumuka kunsonga. Ndinawapatsa dzinali chifukwa amakhala pamwamba, amaseka anthu ogwira ntchito, kenako amadya. Atola mbewa ija, akwera nayo panthambi, ayamba kuimenyetsa. Pha, pha, pha! Yofa kale, koma iwo sakhulupirira munthu, amaiphanso okha. Nthambi yake ndi yomwe ili pamwamba pa pikapu ya A. Ndaseka mpaka tiyi wanditsamwa.

Masiku ano sadyera pano. Amauluka nayo kutsidya kwa kamtsinje, kumphako ya bulugamu wakale uja. Kuli ana. Mayi Meya sabwera pafupi, ndi amanyazi.

A. wati, "Mbalame ndi mbalame basi. Inu mukuchita ngati ndi mpongozi."

Kenako wadandaula kuti sanagone. Makoswe kudenga, pamwamba penipeni pa bedi lake, akuti amachita ngati akusuntha mipando. Ndati ndikudziwa, misampha yanga ikuwapungula, upirire.

"Abambo ankathana nawo sabata imodzi."

"Abambo ankatayanso oyilo wa thirakitala mumtsinje."

Masana mpikisano waukulu wa mahatchi. Hatchi yomwe anaibetchera yafika anthu akusesa. Akuti inali ndi chimfine.

Lachitatu, 8 Novembala

Kutauni: mazira kwa makasitomala anga, thumba la chakudya cha nkhuku, mabuku ku laibulale. A. anapita yekha m'mawa kukagula nyuzi, akuti bondo likufuna kuzolowera kuponda buleki.

Pobwera ndamupeza akuimba mluzu kukhitchini, nyama ya nkhosa ili pamoto, fumbi paphewa. Makwerero ali pakhonde, osati m'shedi momwe ndimasunga. Akuti amasintha babu la m'kholido. Ndati adokotala anati chiyani za kukwera? Akuti masitepe awiri okha, sawerengedwa.

Nyama inali bwino. Mchere wambiri.

Lachinayi, 9 Novembala

Kutentha koti nkhuku zikuyenda kukamwa yasa.

Loweruka, 11 Novembala

Kudenga kwayamba kukhala zii. Ndadzitama pa chakudya cha m'mawa: waona, Athol? Chiponde pang'ono pamsampha, kuleza mtima, basi. Palibe sukulu inandiphunzitsa zimenezi. Iye maso m'mbale, akungoti "eya, eya."

Koma nkhani ya lero ndi iyi: wapempha kuti mbewa akaike yekha pamzati! Yemwe uja wa "mbalame ndi mbalame." Wapita ndi ndodo yake, mbewa ataigwira ndi zala ziwiri kutali ndi thupi ngati thewera la mwana wa eni. A Meya atera iye asanachoke. Ayang'anizana. A. wavula chipewa. Ndinaona ndi maso angawa, asadzakane.

Pobwera akuti, "Ali ndi nkhope ya malume Clarrie." Zoona ndithu, mutu waukulu, khosi palibe.

Aka n'koyamba kumva A. akuseka chonchi chichokereni Joyce.

Lolemba, 13 Novembala

Ndilembe mwadongosolo, ndisang'ambe pepala.

Ndinachedwa kudzuka, msana. Potuluka ndamupeza A. pakhonde chifuwa chili patsogolo.

"Lero a Meya adya za pa Khirisimasi. Ndawaikira khoswe. Wamkulu chonchi!" Akuonetsa ndi manja.

Ndati msampha uti wagwira khoswe wotero?

"Sanali mumsampha. Ndinamupeza ali gone pafupi ndi thanki ya madzi. Wofunda bwinobwino, wangofa kumene."

"Wafa ndi chiyani?"

Wayang'ana ndodo yake.

"Athol. Wafa ndi chiyani?"

Ndiye zatuluka. Lachitatu lija sanagule nyuzi yokha. Anagula ndowa ya poizoni wa makoswe, zidutswa zobiriwira zija zonga sopo. Anakwera makwerero, anatsegula kachitseko ka kusiling'i, n'kuziponya m'denga mbali zonse ngati akudyetsa nkhunda. Monga ankachitira abambo chaka chilichonse, monga amachitira aliyense m'chigawo chino amene sanaganizepo kawiri. Ankafuna kundidabwitsa. Wandidabwitsadi.

Ndathamangira kumzati opanda nsapato. Palibe khoswe. Palibe a Meya. Tiubweya pang'ono basi.

Zimene ndamuuza sindilemba zonse. Ndamutcha dzungu lovala chipewa. Ndamufunsa ngati adokotala anamuchotsa bondo kapena bongo. Ndati khoswe wakufa ndi poizoni ndi poizoni wokhala ndi mchira, mwana wa sukulu ya mkaka amadziwa. Iye wati, "Koma ali m'denga, achemwali, mbalame singalowemo." Ndati poizoni ali m'denga, koma khoswe ali ndi miyendo, wopusa iwe! Akadya amatuluka kukafuna madzi, akuyenda ngati woledzera masana dzuwa likuswa mtengo, chilichonse cha mlomo kapena mano chimangotola. Ndipo iwe wachita kuwaperekera patebulo!

Wabweretsa ndowa ija pomwe anaibisa, kuseri kwa mpando wa pikapu. Ndatenga galasi langa lokulitsira zilembo, ndawerenga timalemba ta kumbuyo tomwe opanga amayembekeza kuti palibe awerenge. Zonse zilimo. Ikani m'bokosi lotseka. Mangani kuti zisakokedwe. Tolani zakufa. Sanawerenge ngakhale mzere umodzi. Akuti zilembo zake n'zazing'ono.

Ndaimbira Glenys, mnzanga wa kumapeto kwa msewu amene amalera nyama zakutchire zovulala. Anayankha ali ndi mwana wa kangaru m'thumba pachifuwa, ndimamva akuyamwa botolo. Wandifunsa dzina la mankhwala, ndamuwerengera chilembo chimodzichimodzi. Wapuma mozama.

"Merle, amenewo ndi amphamvu aja. Amatsalira m'chiwindi cha khoswe. Mbalame ikadya sioneka kanthu lero kapena mawa, magazi amayamba kutayikira m'kati pakapita masiku."

"Nanga ana kumphako?"

"Ngati yawagawira, nawonso."

Akuti mankhwala ochiza alipo kwa dokotala wa ziweto, koma mbalame yoti ikuuluka sungaigwire. Ndikawaona a Meya ali pansi, mapiko lende, ndiwafunditse thaulo, m'katoni, ndithamange. Kupatula apo, kudikira. Ndipo tebulo litsekedwe: ngakhale mbewa za mumsampha, sindingadziwe zomwe zinadya dzulo lake.

A. sanadye masana. Ine ndadya, dala, mokweza supuni.

Lachiwiri, 14 Novembala

A Meya abwera m'mawa! Atera pamzati, apeza pali mbee. Ayang'ana mzati, ayang'ana ine. Ndawayang'anitsitsa maso, mapiko, miyendo. Ali bwinobwino, mwano wawo uli wonse. Koma Glenys anati lero sizioneka. Ndawauza kuti ofesi yatsekedwa, akafunse mlamu wawo chifukwa chake.

Kenako denga. Zidutswa zija zichoke zonse, ndipo woziponya sangakwawe ndi bondo lake. Ndiye ine, mayi wa penshoni, ovolosi ya malemu mwamuna wanga, tochi pamphumi, magolovesi, chidebe, ndi chopanira nyama yowotcha. Ndinalowa m'mamawa malata asanatenthe, komabe munali ngati mu uvuni.

A. ali pansi akugwira makwerero omwe palibe akukwera, akukuwa malangizo.

"Zina ndinaponya cha kubafa!"

"Cha kubafa kuti?"

"Cha kumanzere. Kapena kumanja. Ndinaponya mwamphamvu."

Zina zathunthu, zina zodyedwa theka, zina makoswe anakokera kungodya n'kuunjika ngati akusunga za chilala. Apa m'pomwe ndaona chifukwa chake amati zimangidwe. Makoswe akufa awiri, m'chidebe. Kangaude wamkulu ngati dzanja langa wandiperekeza njira yonse, ulemu wake ndithu.

Pobwerera bondo laterereka pathabwa. Phwa! Mwendo wanga wonse watulukira kukhitchini, pamwamba pa firiji. Ndili lende, fumbi m'kamwa. Kenako kunsi mawu aang'ono:

"Achemwali, sokosi yanu ndi yobooka."

Ndimafuna kukhalabe wokwiya. Ndayesetsa ndithu. Koma ndaseka m'denga momwemo mpaka misozi yasakanizika ndi fumbi, iye kunsi akulira ndi phwete atagwira firiji. Ndamuuza kuti bowolo atseka ndi iye, ndipo kuseka sikutanthauza kuti ndakhululuka.

Lachitatu, 15 Novembala

A Meya sanabwere.

A. wadzuka kusanache bwino, ndodo dzanja limodzi, chopanira dzanja lina, chidebe pamkono. Wazungulira nyumba, thanki, shedi, khola, mpanda wonse, kufuna makoswe akufa mbalame zisanawaone. Sindinamutume. Wapeza mmodzi kuseri kwa thanki, wina akuzandima pafupi ndi mpopi, wamumaliza ndi fosholo. Wakumba dzenje lakuya kuseri kwa shedi, wakwirira, waika njerwa pamwamba kuti nkhandwe zisafukule.

Nkhuku ndazitsekera m'khola mpaka zimenezi zithe. Zikundinena, ndikumva.

Lachinayi, 16 Novembala

Sanabwerenso. Kutsidya kunamveka kuseka m'mawa, koma si mawu awo. A Meya amayamba pansi ngati akutsuka kukhosi, kenako n'kukwera. Awa anali ena. A. akuti onse amaseka mofanana. Ndamuyang'ana. Wati, "Kapena ayi."

Tapita kutauni pa pikapu yake. Poizoni wotsala ndi zomwe ndinatola tazisiya komwe amalandira mankhwala oopsa, pafupi ndi kotayira zinyalala. Kenako kusitolo ya alimi. Mnyamata wogulitsa amafuna kundipatsa mabokosi a pulasitiki okhoma ndi kiyi, akuti poizoni amalowetsedwa pakawaya m'kati, posamu, kanyama kokwera mitengo kaja, kapena nkhuku singafikepo. Ndati bokosi ndi labwino, ndipo anthu onse oponya m'denga akanamagula. Koma bokosi limatsekera poizoni, silitsekera khoswe. Amadya, amatuluka, amakafera pamaso pa kadzidzi. Mabokosi ndagula ndithu, koma muikidwa misampha, osati poizoni. Buluzi wanga wa lilime la buluu amene amakhala pansi pa thanki asadzapanidwe mphuno pofuna chiponde. Ndagulanso waya wa sefa wotsekera mabowo a m'mphepete mwa denga, ndi mgolo wachitsulo wa chivindikiro wosungira chakudya cha nkhuku, chifukwa kunena zoona thumba langa lapepala lija linali hotela.

M'pikapu mukununkha. Ndati Athol, jombo zako zija zafa. Akuti jombo zake n'zoyera, mwina ndi ovolosi yanga. Tabwerera mawindo ali pululu, aliyense akuloza mnzake.

Lachisanu, 17 Novembala

Ayi ndithu, sanabwere.

Ndawoloka kamtsinje, ndapita kubulugamu wakale. Thaulo paphewa, katoni m'manja, kuopa zomwe ndingapeze. Ndayang'ana pansi ponse, muudzu, m'zitsamba. Palibe nthenga. Ndakhala pachitsa. Patapita nthawi Mayi Meya abwera ndi buluzi kukamwa, alowetsa mutu m'mphako, m'kati mwamveka kukhosomola kwa mwana. Ndiye mmodzi ali moyo. Koma abwera okha, apita okha, abweranso okha. Bambo kulibe.

Glenys akuti mwina mwana wina watuluka msanga, bambo akumulondola m'tchire, zimachitika. Wanena ndi mawu aja amene amanenera kwa anthu obweretsa nyama yoti sichira. Ndamuuza kuti asandinyengerere, ine si mwana wa kangaru. Wati, "Sindikukunyengerera, mayi iwe, sindikudziwa basi. Ukufuna ndiname?" Ndati ayi. N'chifukwa chake ndimamukonda.

Pobwera ndamupeza A. atakhala pampando wapulasitiki pafupi ndi mzati, dzuwa likumuwotcha, magalasi ake oonera mahatchi patali ali pamaso, akusesa mitengo. Ndamubweretsera madzi.

Osachotsa magalasi wati, "Joyce akudwala, chilichonse ankachita ndi manesi. Ine ndinkangogwira chikwama. Ndimati kuno ndichiteko chimodzi chothandiza."

Ine zolankhula zofewa sindizitha. Ndati, "Chipewa chako chili kuti, ufuna uwonjezere matenda?" Ndakamutengera. Ndakhala naye mpaka mthunzi wafika.

Loweruka, 18 Novembala

Fungo la m'pikapu lafika pakhonde. Ntchentche zikuchita msonkhano. Ndati lero lomwe, Athol, tsitsa zonse, apo ayi ndiyatsa moto.

Watsitsa lona, zingwe, chigubu, bokosi la zitsulo. Watukula tayala lapadera lomwe limagona kumbuyoko. Wabwerera m'mbuyo, dzanja pamphuno.

"Achemwali! Bwerani! Ndi uja!"

Khoswe. Wotupa, wonunkha zoti sindingalembe, koma wathunthu. Mutu wophwanyika, mimba yosang'ambika, mchira, miyendo yonse. A. akulumbira kuti ndi yemweyo, khutu limodzi lodulidwa, anamuyang'anitsitsa pomuika pamzati. Ndayang'ana m'mwamba: nthambi ija, yomenyetserapo. Ndiye a Meya anakwera naye, anamumenyetsa monga mwa mwambo wawo, chinthu n'cholemera, chinapulumuka, chinagwera kuseri kwa tayala komwe mlomo sufika. Dyera la A. lofuna kupereka khoswe wamkulu ndi lomwe lathandiza. Akanaika kambewa bwenzi atameza.

Tavina. Ine ndi chopanira m'manja, iye ndi ndodo, kuzungulira khoswe wowola pakati pa bwalo. Galimoto ya positi inadutsa, dalaivala wachepetsa liwiro. Anene zomwe anene.

A. akuti, "Mwaona ubwino woimika pamthunzi?" Ndati usayambe.

Koma nditakhala pansi, chimwemwe chaphwa pang'ono. Ngati sanadye ameneyu, ali kuti? Makoswe anayamba kufa ife tisanadziwe. Loweruka lija, Lamulungu lija, ndani ankatola? A Meya sadikira tebulo lokha, amasakanso okha. A. waganiza zomwezo, ndaona pankhope.

Lamulungu, 19 Novembala

A. watseka bowo la kukhitchini. Chigamba chapendekeka, penti yake ndi yoyera kuposa inzake. Ndati chisiye, ndizikumbukira.

Ine ndakhoma waya wa sefa m'mabowo onse a denga omwe ndafikira, ndadula nthambi ya mandimu yomwe makoswe ankakwerera. Mabokosi a misampha m'mbali mwa khoma, njerwa pamwamba. Buluzi wabwera kudzayendera, wanunkhiza khomo la bokosi, mutu sukulowa, wapita mokhumudwa.

Mzati uli mbee.

Lolemba, 20 Novembala

Mbewa imodzi m'bokosi. Mwachizolowezi ndinayamba kulowera nayo kugeti, ndazindikira ndili pakati pa bwalo. Ndabwerera, ndapatsa A. akakwirire.

Wakufa ndi poizoni sanapezeke lero kapena dzulo. Glenys akuti tisasiye kuzungulira, ndipo tebulo likhale lotseka mpaka chaka chitatha. A. wanena kuti ngakhale adokotala atamulola masitepe mwina akhalabe pang'ono, kuti aone nkhaniyi kutha kwake. Ndati chipinda sichikupita kulikonse. Malamulo ndi omwe aja.

Lachiwiri, 21 Novembala

Ndimatsuka makapu, A. ali kuseri kwa shedi kukumba dzenje la mbewa ya lero. Ndamva phokoso lachilendo, ngati galimoto yakale ikukana kulira. Khrr, khrr, kho. Ndati kodi pikapu ija yafanso? Kenako pansi pake, wina akutsuka kukhosi. N'kukwera. N'kukwera.

Kapu ndaisiya m'madzi.

Pawaya woyanika zovala, ana awiri, mitu ikuluikulu, michira yaifupi, nthenga nyankhalala ngati adzuka mochedwa. Akuyesa kuseka, sizikutheka, akungokhosomola. Mayi Meya pamwamba pa thanki. Pathaulo langa loyera achitapo kale zawo.

Ndazungulira shedi mwakachetechete. A. waima chilili, fosholo yazikika m'dothi, manja ali m'mbali. Pachigwiriro cha fosholoyo, mlomo wogumuka kunsonga, maso ali m'dzenje.

"Musayandikire," A. wanong'ona osatembenuka. "Ali pantchito."

A Meya adumphira m'dzenje, atuluka ndi nyongolotsi yaitali, aimenyetsa panjerwa kawiri kuti ife tione kuti aipha okha, auluka nayo kuwaya. Kukhosomola kwawonjezeka. Abwerera, ateranso pachigwiriro, ayang'ana A. ngati kapitawo.

"Mbewa ili kuti?" ndafunsa.

"M'chidebe, ndavindikira. Mukundiyesa dzungu?"

Wapempha fosholo mwaulemu, a Meya asunthira pampanda. Wazika, watembenuza dothi. Ina nyongolotsi.

Ndati Athol, dzenjelo lakwana, mbewa ndi imodzi.

"Ndamva, achemwali."

Ndabwera kudzaimbira Glenys ndi kulemba izi. Tiyi wake wazizira pakhonde. Pawindo ndikuona msana wake ndi dothi likuuluka. Dzenje lafika m'mawondo, akukumbabe.